Nafisa wa ku Chiuta ndi Mafoni Osatseka

Nafisa Sharifu ndinamuphunzitsa Sitandade 7 ndi 8 pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi nyanja ya Chiuta. Sanali woyamba m'kalasi mwake. Ankakhala wachitatu, nthawi zina wachisanu. Chimene ndimamukumbukira nacho n'chakuti sankalandira yankho asanaone kumene lachokera. Tsiku lina ndinalakwitsa samu pa bolodi, ana onse n'kukopera momwemo. Iye anadikira belu kulira, kenako anabwera ndi kope lake n'kugwada pafupi ndi tebulo.

"Madamu, pepani," anatero, "koma apa palowa seveni wosadziwika kwawo."

Ndinayang'ana, ndipo seveniyo analidi mlendo.

Bambo ake, Che Sharifu, anali msodzi, ndipo mayi ake ankayanika matemba pa thandala. Mkulu wake, Ayisha, nayenso anadutsa m'manja mwanga zaka zam'mbuyo, koma anasiyira mu Sitandade 3 kuti azithandiza mayi ake. Ayisha ankazindikira dzina lake akaliona, koma kulemba chiganizo sankatha. Anakwatiwa ndi Zubairu, ndipo atabereka mwana wachiwiri, Zubairu anapita ku Joni monga amachitira anyamata ambiri a kumeneko.

Nafisa atasankhidwa kupita ku sekondale ku Balaka, mjomba wake, Che Sufiyani, ananena kuti sukulu yomwe anaphunzirayo yakwana. Nafisa anayankha ali chigwadire, maso ali pansi, mawu okha ndiwo anali chilili.

"Amjomba, ikadzakwana ndidzakuuzani ndine."

Ku Balaka ndi kumene anagwira kompyuta koyamba. M'chipinda munali makompyuta makumi awiri, koma oyaka anali atatu. Anzake ankalimbirana mipando ya kutsogolo kwa atatuwo, iye n'kumakwawa kuseri kwa matebulo kutsatira mawaya, kufuna kudziwa kuti uthenga ukachoka apa umadzera kuti. Atakhoza Folomu 4 anapita ku yunivesite kukaphunzira za manetiweki a makompyuta ndi chitetezo chake.

Nthawi imeneyo n'kuti ine atandisamutsira ku Rivirivi. Popita kwawo ku tchuthi ankayamba wandipeza, ndipo ndinkamufunsa ngati mmene iye ankandifunsira kale. Anandifotokozera kuti amaphunzira kulumikiza makompyuta ndi mawaya mpaka zala kutupa, komanso kuti m'chaka chachitatu amawagawa magulu awiri. Gulu lina limalondera netiweki yoyeserera, lina limayesa kuthyola, ndipo sabata yotsatira amasinthana.

"Nanga si ndiye akukuphunzitsani kuba?" ndinamufunsa.

"Kwathu akunena zomwezo, Madamu," anaseka. "Koma mlonda wosadziwa podzera mbala amalondera chitseko, mbala ikulowera pa zenera. Ndipo tinasayina lumbiro. Sindingalowe m'foni kapena m'kompyuta ya munthu mwini wake asanavomere. Ukangotero, akuchotsa sukulu."

M'chaka chomaliza wophunzira aliyense amachita kafukufuku wake. Anzake anasankha za mabanki ndi makampani akuluakulu a m'tauni. Nafisa anasankha timashopu totchajira mafoni ta kumudzi. Mphunzitsi womuyang'anira, a Elliam, anabweza pepala lake kawiri.

"Mtsikana iwe, kuno timafufuza za manetiweki," anamuuza. "Izi ndi nkhani za pa chigayo."

"Bwana, netiweki sithera pa nsanja," iye anayankha. "Imathera m'dzanja lomwe lagwira foni. Kwathu magetsi kulibe, ndiye tsiku lonse dzanja limenelo ndi la wotchaja. M'mabuku onse omwe mwatipatsa, palibe limodzi lomwe likunena za iyeyo."

A Elliam anamupatsa masabata asanu ndi limodzi kuti abweretse umboni, apo ayi asinthe mutu.

Anayenda ku Rivirivi, ku Machinga Boma ndi ku Chiuta, ali ndi kope ndi laputopu yakale m'chikwama. Kulikonse anapeza zofanana. Munthu amasiya foni m'mawa, wotchaja amamatapo kapepala ka dzina, n'kuiika pa shelefu pamodzi ndi ena makumi atatu, mwini wake n'kudzaitenga dzuwa litapendeka. Koma ku Chiuta anapeza chinthu chomwe a Elliam sakanachilota. Mwa amayi makumi anayi omwe amuna awo ali ku Joni, atatu okha ndiwo anali ndi loko pa foni. Sikuti enawo sankadziwa kutseka. Kumeneko mkazi wa munthu wa ku Joni satseka foni. Foniyo amakhala atatumiza ndi mwamuna, ndipo alamu kapena apongozi angathe kuitenga nthawi iliyonse n'kuona zomwe zilimo. Foni yotsegula ndiwo umboni wakuti mkazi akudzisunga. Ukaikapo nambala yachinsinsi, mudzi wonse umafunsa kuti ukubisa ndani.

Nafisa anayamba ndi mkulu wake yemwe. Anamupempha kuti amuikire loko.

"Iyayi," anatero Ayisha, n'kumulanda foniyo. "Ukufuna alamu ako amve kuti chiyani? Zakozo uzikachitira konko ku yunivesite. Ine ndilibe chobisa."

Patangotha mwezi, Zubairu analandira zithunzi kuchokera ku nambala yachilendo. Zinali zithunzi za mauthenga a pa Watsapu, ochokera pa nambala ya Ayisha kupita kwa mwamuna wina wosatchulidwa dzina, mawu achikondi omwe sindingawalembe pano. Zubairu anaimbira mjomba wake, Che Abdulwahab, yemwe analinso nkhoswe yake. Iwo anapita n'kukatenga foni ya Ayisha, ndipo atatsegula anapeza mauthengawo alimo ndithu. Anaizimitsa, n'kuimanga m'kathumba, n'kupita nayo kwawo. Zubairu ananena kuti ankhoswe akumane Lachisanu anthu akatuluka mu mzikiti, ndipo ngati palibe chomveka, apereka talaka pa foni pomwepo, ukwati uthe. Ayisha anasiya kupita ku mjigo masana chifukwa amayi ankangoti zii akamuona.

Nafisa anandipeza Lachinayi m'mawa ndikulemba ntchito pa bolodi.

"Madamu, tiyeni ku Chiuta. Inu ndi amene mungachitire umboni kuti Ayisha salemba. Mauthenga ake onse amakhala olankhula pakamwa, ndipo iye amazindikira anthu m'foni ndi nkhope za pa zithunzi zawo."

Ndinapempha chilolezo kwa ahedi, n'kusiyira mnzanga kalasi. Mu minibasi, titadutsa Liwonde, anandiuza zomwe ankaganiza. Watsapu ya pa foni ingathe kulumikizidwa ku kompyuta. Zimangofunika kuti munthu agwire foni yotsegula kwa kanthawi kochepa, ailozetse pa kompyutayo, basi. Kuyambira pamenepo amawerenga zonse ndi kulemba m'dzina la mwini foni, ngakhale foniyo ili kutali.

"Ndiye ukudziwa amene anachita?" ndinafunsa.

"Ndikuganizira, koma sindikudziwa. Ndipo ngati anachotsa kompyuta yake atamaliza, m'foni simukhala chizindikiro chilichonse. Ndikakhala ndilibe kanthu m'manja."

Titafika, mayi ake anamukokera kuseri kwa nyumba, koma mawu ankamveka. Aliyense ankadziwa kuti pa msika wonse wa kumeneko laputopu inali imodzi, ya Akimu wotchaja mafoni, yomwe ankaikira anthu nyimbo m'mamemore.

"Iwe si umati umadziwa kuthyola? Lowa m'chimakina cha Akimucho uone! Zaka zinayi zonsezi umaphunzira chiyani?"

"Amayi, ndikathyola, mbala zikhala ziwiri," anayankha Nafisa. "Ndipo mawa adzati umboniwo ndaika ndine. Zonse zichitike anthu akuona."

Mayi ake anamutukwana m'Chiyao kuti sukulu yamuumitsa mtima. Nafisa anangowasiya pomwepo. Anapita kukakhala pa mphasa pafupi ndi mkulu wake n'kumamuthandiza kutongola chimanga.

Lachisanu masana anthu anasonkhana pansi pa mango wa pakhomo pa Che Sharifu, chifukwa ndi pamene netiweki imagwira bwino. Amuna anakhala pa mipando, amayi pa mphasa. Che Abdulwahab anaika kathumba ka foni pa ntchafu pawo n'kufotokoza mlandu. Che Sufiyani, nkhoswe ya Ayisha, anangoti mwana wawo akukana. Atandipatsa mpata ndinanena zomwe ndinkadziwa, kuti Ayisha anasiya sukulu asanathe kulemba chiganizo.

"Zikomo, Madamu," anatero Che Abdulwahab, "koma wosalemba amalembetsa. Ngakhale kalata kale tinkalembetsa."

Anthu anavomereza. Pamenepo Nafisa anasendera kutsogolo n'kugwada.

"Ndikupempha kulankhula."

"Mlandu wa ukwati salankhulapo mwana wosakwatiwa," anatero Che Abdulwahab osamuyang'ana.

"Za ukwati sindinenapo kanthu, mumazidziwa ndinu. Ine ndinena za foni. Foni ndimaidziwa ndine."

Amayi ena anagwira pakamwa. Che Sufiyani anakanda ndevu, n'kunena kuti popeza anamulephera kale kumuletsa sukulu, amulole aonetse zomwe anakatengako.

Nafisa anatsegula laputopu yake n'kuiika pa mpando. "Che Abdulwahab, ndikupempha foni yanu, osati ya Ayisha. Ndiigwira mukuona, ndipo ndichita chinthu chimodzi m'dzina lanu kuti anthu aone. Mukakana, ndisiya."

"Tenga," iwo anatero, n'kuitulutsa m'thumba la mkanjo. "Yanga ilibe loko. Ine ndilibe chobisa."

Ayisha anadzutsa mutu atamva mawu amenewo, chifukwa anali ake omwe.

Nafisa anadina kawiri katatu, n'kulozetsa foniyo pa laputopu, n'kuibweza. Sizinatenge nthawi yomwe munthu amamwera kapu ya madzi. Che Abdulwahab anaitembenuza uku ndi uku, n'kuibwezera m'thumba.

"Basi? Zaka zinayi n'zimenezi?"

Nafisa analemba pa laputopu. Foni ya Che Sufiyani inalira. Iwo anaiyang'ana patali chifukwa magalasi anali atawaiwala, kenako anandipatsa kuti ndiwerenge mokweza.

"Wachokera kwa Che Abdulwahab," ndinatero. "Akuti, 'Achimwene, mbuzi yanga yoyera ija ndakupatsani. Katengeni lero lomwe.'"

"Sikomo kwambiri!" anafuula Che Sufiyani akuwomba m'manja. "Chingwe ndili nacho. Ndinkadziwa kuti ndinu munthu wabwino, anthu amangokunamizirani kuumira."

"Walahi sindinalembe!" Che Abdulwahab anadzuka, chisoti chili pambali. "Foni ili m'thumba muno! Nonse mwaona!"

"Tsegulani muone," anatero Nafisa.

Anatsegula, ndipo uthengawo unalimo, pansi pa dzina lawo, ngati kuti alemba okha. Anthu anaseka mpaka ena kugwira nthiti. Koma kusekako kunazilala msanga, chifukwa aliyense anayamba kuyang'ana kathumba kaja.

"Wosalemba amalembetsa," anatero Che Sufiyani motsitsa mawu. "Mwalembetsa kwa yani, achimwene?"

Nafisa anawaonetsa Che Abdulwahab podina kuti achotse laputopu yake m'foni mwawo ndi chala chawo chomwe. Kenako anatembenukira kwa mkulu wake.

"Achemwali, mukuvomera kuti foni yanu itsegulidwe pamaso pa anthu?"

"Atsegule," anatero Ayisha.

"Ine sindiigwira. Che Abdulwahab, yakhala ndi inu kuyambira Lamlungu. Yatsani nokha, mudine pomwe mwadina pa yanu paja."

Ndinamuyang'ana Nafisa pamene foniyo inkayaka. Manja ake anali pa maondo. Che Abdulwahab anadina, n'kudinanso, kenako anandipatsa foniyo. Pa mndandanda wa zida zolumikizidwa panali kompyuta imodzi. Pansi pake panalembedwa nthawi yomwe inagwiritsidwa ntchito komaliza.

"Dzulo," ndinawerenga. "Hafu pasiti teni m'mawa."

"Dzulo foniyi inali m'bokosi mwanga, yozimitsa," anatero Che Abdulwahab pang'onopang'ono. "Kiyi ali m'khosi muno."

"Ndi Akimu!" anafuula mayi ake a Nafisa. "Nena, iwe, kuti ndi Akimu!"

"Foni sikutchula dzina, amayi," anatero Nafisa. "Ikungonena kuti pali kompyuta. Ine ndaonetsa pomwe mbala inalowera. Nkhope yake sindinaione, ndipo sindinena zomwe sindinaone."

Apa ndi pamene Ayisha analankhula, koyamba mawu ake kumveka mpaka kumsewu. Ananena kuti Akimu anamufunsira kawiri chaka chatha, iye n'kumukana, ndipo kachiwiriko anamuuza kuti adzaona. Sanauze munthu chifukwa ankadziwa kuti funso loyamba likanakhala lakuti iye anamusekerera bwanji.

Ankhoswe awiriwo ananyamuka kupita ku msika, ife tikutsatira m'mbuyo. Akimu anali pa shopu yake, mafoni ali ndandanda pa shelefu, mawaya a sola akulendewera. Che Abdulwahab anamupempha mwaulemu kuti ayatse laputopu yake anthu aone.

"Batire yatha, bambo," anatero Akimu.

"Pa shopu yotchajira?" anafunsa Ayisha. "Mudzi wonse ukutchaja pano, yako yokha ndiye yasowa moto?"

Akimu anati tchaja yake inapsa, kenako anati laputopuyo ndi ya msuweni wake. Palibe anamugwira kapena kumukakamiza. Mayi wina anangotambasula dzanja n'kuti, "Ndipatse yanga." Wina naye anatero. Posakhalitsa shelefu inatsala ndi timapepala ta mayina tokha. Ankhoswe anakasiya nkhaniyo m'manja mwa oyenera, ndipo pamene ndinkabwerera ku Rivirivi Lamlungu, shopuyo inali yotseka.

Titabwerera pansi pa mango, Che Abdulwahab anaimbira Zubairu n'kukweza mawu a foni kuti tonse timve. Anamufotokozera zonse, osasiyapo ndi za mbuzi zomwe.

"Chabwino," anatero Zubairu. "Za talaka zisiyeni. Muuzeni kuti ndamukhululukira."

Ayisha anapempha foniyo.

"Bambo a Thandizo, mwandikhululukira chiyani? Ndinalakwa chiyani? Sabata yonse ndakhala ndikutunga madzi mbandakucha ngati wakuba. Munakhulupirira nambala yachilendo, ine osandifunsa ndi liwu limodzi lomwe."

"Nanga ine ndikanadziwa bwanji, poti ndili kutali?"

"Mukanafunsa. Yuniti yoimbira amjomba anu munali nayo."

Zubairu anayankhula zambiri zozungulira, koma pomaliza anapepesa, ndipo Che Abdulwahab anamuuza kuti abwereze mokweza chifukwa amayi a kumbuyo sanamve. Anabwereza.

Ayisha anatenga foni yake m'manja mwanga n'kuipereka kwa mng'ono wake. "Ika loko uja."

Nafisa anakonza, n'kumubwezera kuti alowetse yekha manambala, iye n'kutembenuka kuyang'ana ku nyanja.

"Nanga nambalayo simundiuza?" anafunsa Zubairu.

"Ndidzakuuzani mukadzabwera, pakhomo pano. Pa foni iyayi. Simunamve zomwe zimachitika m'mafonimu?"

Apongozi ake aakazi anang'ung'udza kuti mkazi wotseka foni sanamuonepo. Ayisha anawayankha kuti akafuna kuona zomwe zilimo azibwera, adzawatsegulira yekha iwo ali pompo, koma pa shelefu ya munthu sidzagonanso yotsegula.

Nafisa anabwerera ku yunivesite masabata ake asanu ndi limodzi atangotsala masiku awiri. A Elliam atawerenga anamufunsa ngati zinachitikadi, kenako anamuuza kuti apitirize. M'kafukufukuyo sanalembe dzina la mkulu wake kapena la mudzi, monga mwa malamulo awo. Sanalembenso kuti amayi a ku Chiuta ndi mbuli zofunika kuphunzitsidwa, ngakhale mmodzi mwa omuyesa ankafuna kuti anene choncho. Anawauza kuti amayiwo ankadziwa bwino lomwe chomwe ankachita, ndipo kuti wofunika kulankhula naye poyamba ndi mwamuna wa ku Joni ndi abale ake. Anakhoza. Chaka chotsatira a Elliam anatumiza ophunzira ena awiri ku timashopu ta ku Ntaja.

Pano Nafisa amagwira ntchito yolumikiza makompyuta m'masukulu a ku Balaka ndi Machinga. Akafika pa sukulu yathu amayamba wakwawa kuseri kwa matebulo, mpango uli kumutu, ana akumuzungulira. Si amayi onse a ku Chiuta anatseka mafoni awo. Ulendo watha anandiuza kuti mwa makumi anayi aja, otseka afika khumi ndi asanu ndi awiri, ndipo ena akuopabe apongozi. Iye akuti enawo adzawafikira, sakufulumira.

Ndisanalembe izi ndinafunsa Ayisha ngati ndisinthe dzina lake. Anakana. "Lembani lenilenilo, Madamu. Bodza lija linayenda ndi dzina langa, zoonazi ziyendenso nalo."

Che Abdulwahab nawo anaika loko pa foni yawo, ngakhale nambala amaiiwala kawirikawiri. Mbuzi yoyera ija idakali kwawo. Che Sufiyani akakumana nawo pa mzikiti amawaonetsa uthenga uja, poti sanaufufute, n'kuwafunsa tsiku lomwe angabwere ndi chingwe.